NJINGA YA ATSIBWENI INAPANGIDWA NDI YANI?

Wolemba Mlangizi wa za Ulimi, Dedza

Owerenga anzanga, mwazolowera kuti ndikalemba m'nyuzipepala muno ndimanena za mizere, za manyowa ndi za anankafumbwe. Sabata ino mundikhululukire, pakuti ndifuna kukusimbirani za citsulo cakale cimene cinatsala pang'ono kupasula mbumba yathu. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu muli naco citsulo cotere, copacikidwa kutsindwi kapena kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku lina padzafika munthu kudzakuuzani mtengo wace. Tsiku limenelo ndifuna kuti lidzakupezeni muli odziwa.

Atsibweni anga anali mmodzi wa amuna aja analembedwa ndi TEBA kupita ku migodi ya golide ya ku South Africa, kumene ife timangoti ku Joni. Akuluakulu akumbukira kuti ulendo wa ku migodi unaimitsidwa m'caka ca 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha amuna ambiri a dziko lino. Unatsegulidwanso mu 1977, ndipo unatsekedwa ndithu mu 1988. Atsibweni anapita maulendo angapo m'zaka za pakatizo, nagwira nchito ku Welkom. Pobwera ulendo wotsiriza, m'caka ca 1987, anzao anatenga mawailesi, mabulangete ndi makina osokera, koma iwo anatsika ndi njinga.

Sinali ngati njinga zathu zakuda zonyamulira matumba. Handulo yace inali yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, matayala ace opyapyala ngati cala, ndipo inalibe kaliyala kapena madigadi. Inali njinga ya mpikisano. Anthu a m'mudzi anaicha Kamphepo, cifukwa atsibweni akacoka pa Linthipe m'mawa ankafika pa boma la Dedza mame asanaume. Munthu akafunsa, iwo ankayankha monyada kuti, “Iyi ndi ya ku Italy, mphwanga, si ya masewera.”

Koma matayala a mtundu umenewo sanali kupezeka m'sitolo za kwathu. Atatha amene anabwera nao, njinga inakwezedwa kutsindwi. Pang'onopang'ono abale anayamba kupemphako, uyu cishalo, uyu cheni, uyu mapedulo, kufikira panatsala felemu ndi foloko yace basi. Atsibweni anaipaka penti ya mafuta kangapo kuti isacite dzimbiri, kotero kuti dzina lonse linakwiririka. Ine ndinabadwa iri kale kutsindwi, ndipo sindinaione ikuyenda.

MLANDU UYAMBA

Atsibweni anamwalira m'caka ca 2022. M'cilimwe ca 2023, pokonza zomanga ciliza, panafika mnyamata wogula zitsulo zakale ali ndi sikelo yace. Anayang'ana felemu ija nati, “Agogo, ici ndi citsulo cabe, ndipo ncopepuka. Ndikupatsani ya sopo.” Mtengo umene anachula sunali wokwana kugula nkhuku. Azakhali, akazi a atsibweni, anati ayambe afunsa ana.

Nkhani inafika kwa acimwene anga akulu, amene amakhala ku Lilongwe. Iwo anali ataona pa foni kuti njinga zakale za mpikisano za ku Italy zimagulidwa ndarama zambiri ku maiko a kunja. Anafika kumudzi mtima uli m'mwamba, nati felemuyo ingathe kugula ng'ombe ziwiri, ndipo pamwambo wathu wa Acewa cuma ca atsibweni ndi ca ife ana a mlongo wao. Msuweni wanga, mwana wa atsibweni, anati njinga ndi ya atate wace ndipo siicoka pakhomo. Mau anakula. Acimwene anafika ponena kuti azakhali afuna kugulitsa mobisa, ndipo azakhali analira. Za ciliza zinaima.

A mfumu atamva mbali zonse anati, “Mukukanganirana nyama imene simunaione. Uyu akuti ndi ya sopo, uyu akuti ndi ya ng'ombe. Yambani mwadziwa kuti ndi ciani.” Ndipo anandiloza ine, nati popeza ndimayenda ndi tepi yoyezera mizere ndi sikelo, ndiyese citsuloco ndi kubwera ndi yankho.

Pano ndiulule, abale anga. Inenso ndine mwana wa mlongo wao wa atsibweni, ndipo mumtima ndinali kufuna kuti acimwene akhale olondola, pakuti pa ng'ombe ziwirizo panali mwendo wanga. Munthu amene afuna yankho lakuti amaliona pali ponse. Cifukwa cace ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndidzalemba m'kabuku ciri conse cimene ndapeza, cokoma ndi cowawa comwe, monga ndimacitira pa munda wa citsanzo.

Ndinamanga felemu pa njinga yanga ndi kupita nayo kwa mkulu wina wokonza njinga pa msika, amene anaphunzira nchitoyi ku Bulawayo ali mnyamata. Safunsa anadya phula. Zimene ndikuuzani pansipa ndi zimene tinacita awirife masiku atatu, pamodzi ndi zimene ndinawerenga usiku pa intaneti.

PENTI SI MBONI

Coyamba cimene mkuluyo anandiuza ndi cakuti ndiiwale za penti ndi za dzina lolembedwa pa paipi. Penti amapaka ali yense, ndipo mapepala omata a maina ochuka amagulitsidwa, kotero kuti munthu angathe kumata dzina lalikulu pa njinga wamba. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ngakhale mtundu wa penti wodziwika, monga wobiriwira motuwa uja wa njinga za Bianchi za ku Milan, sukwanira kukhala umboni pa wokha. Umboni weniweni uli m'citsulo, m'malo amene wopanga anaboola, kudinda kapena kutema mazinga, pakuti zimenezo burashi singazisinthe.

Tinayamba ndi sikelo. Felemu pamodzi ndi foloko sizinafike makilogalamu 3. Mnyamata wa zitsulo uja anaona kupepukako ngati cilema, koma ndiko kunali ulemu wace. Njinga zakale za mpikisano zinkapangidwa ndi mapaipi a citsulo colimba kwambiri, cotero sanali kufunika kukhala ocindikala. Ambiri a mapaipiwo ndi ocindikala kunsonga kokha, kumene alumikizana, koma pakati ndi opyapyala kosafika milimita imodzi. Muganize za nsungwi, yolimba pa mfundo, yopepuka pakati. Njira imeneyi inayamba ndi kampani ya Reynolds ya ku Birmingham m'caka ca 1897, ndipo mu 1935 kampaniyo inaturutsa mapaipi ochuka ochedwa Reynolds 531. Ku Italy mapaipi ochuka ndi a Columbus, amene cizindikiro cao ndi nkhunda.

Kenaka mkuluyo anatenga cipangizo cace coyezera conga mbaniro, nayeza m'kamwa mwa paipi imene mumalowa mtengo wa cishalo. Munakwana mamilimita 27.2. Apa pali nzeru yapafupi. Kunja kwa paipi imeneyi, pa njinga zakale za Angerezi ndi za Ataliyana, kumakhala mamilimita 28.6. Tsono m'kamwa mukakhala motakata ndiye kuti khoma la paipi ndi lopyapyala, ndipo citsuloco ndi ca pamwamba. Njinga zakuda zonyamulira katundu zambiri zimalowa mtengo wa mamilimita 25.4 cabe. Cotero mboni yoyamba inatsutsa wogula zitsulo uja. Koma sinanene dziko, pakuti mapaipi abwino a Reynolds ndi a Columbus omwe amalowa mtengo wa 27.2.

DZINA LA PA MAKUTU

Titapala penti pa timakutu ta kumbuyo, tija timagwira ekiselo ya wilo, panaoneka malembo odindidwa akuti Campagnolo. Mtima wanga unagunda. Campagnolo ndi kampani ya ku Vicenza, ku Italy, imene anaiyamba Tullio Campagnolo m'caka ca 1933. Ndinati, “Bambo, nkhani yatha, acimwene anena zoona.”

Mkuluyo anaseka nandifunsa kuti, “Kodi malaya anuwa, mabatani ace akakhala a ku China, ndiye kuti telala wace ndi wa ku China?” Anandifotokozera kuti kampani ya Campagnolo imadziwika ndi magiya, mahabu, mabuleki ndi zitsulo zina zomangira pa njinga, ndipo timakutu timeneti inkagulitsa kwa opanga mafelemu a m'maiko ambiri, Angerezi, Afalansa ndi ena. Dzina la pa makutu likuuzani kuti wopanga felemu sanaumire ndarama, koma silikuuzani dzina lace.

Cimodzimodzi mfundo zolumikizira mapaipi, zija zimaoneka ngati zosemedwa maluwa. Zambiri zinkagulidwa zopangapanga ku makampani monga Nervex ndi Prugnat a ku France, ndipo amisiri ambiri ankagwiritsa nchito mtundu umodzi. Alipo ena amene ankaika cizindikiro cao m'citsulo momwemo. Colnago amaboola kapena kudinda kaduwa ka masamba atatu konga ka pa makhadi a juga, De Rosa amaika mtima, ndipo Hetchins wa ku London ankadziwika ndi timapaipi ta kumbuyo topindikapindika. Tinapala mfundo zonse ndi mapewa a foloko, koma sitinapeze cizindikiro cotere. Mkuluyo anasuziranso m'paipi ya foloko ca kunsi ndi tochi, kufuna timizere tozungulira timene timapezeka m'mafoloko ambiri a Columbus. Munali mosalala.

KAMGOLO KA PANSI

Tsiku laciwiri tinafika pa mboni yaikuru, ndiyo kamgolo ka pansi kamene mumazungulira ekiselo ya mapedulo. Apa ndipo maiko anasiyana, ndipo ndikupemphani musunge manambala awa.

Pa njinga zakale za Ataliyana kamgoloka kamakhala mamilimita 70 m'litali mwace, ndipo makapu onse awiri amamasuka monga bauti wamba, potembenuzira kumanzere. Pa njinga zakale za Afalansa ndi mamilimita 68, ndipo makapu onse awiri amamasukanso monga bauti wamba. Pa njinga za muyeso wa Angerezi ndi mamilimita 68, koma kapu ya mbali ya cheni iri ndi mazinga obwerera, imamasuka potembenuzira kumanja.

Tinapala penti m'milomo mwa kamgolo kuti isationjezere muyeso, ndipo ndinaikapo lula wa mwana wa sukulu. Panakwana 68. Ndinayezanso kawiri, kufunafuna mamilimita awiri amene panalibe. Ng'ombe za acimwene zinayamba kucoka m'khola pamenepo.

Kapu ya mbali ya cheni inali ikali momwemo, yogwidwa ndi dzimbiri, ndiye cifukwa cace abale opempha aja anailephera. Tinaithira parafini ndi oilo ndi kuisiya usiku wonse. M'mawa mkuluyo anaimanga pa vaisi natembenuza felemu yonse, ndipo inamasuka mobwerera, monga mwa Angerezi. Titaipukuta tinawerenga manambala odindidwa akuti 1.37 x 24, ndiko kunena kuti kukula kwace ndi mainchesi 1.37 ndipo pa inchi imodzi pali mazinga 24. Ya Ataliyana ikadalembedwa 36 x 24.

Cenjerani apa, abale. Mukakakamiza kapu yotere kumbali yolakwa, muli kuimangitsa, ndipo mudzaononga mazinga a felemu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono tinadziwa kuti njingayo si ya ku Italy ndiponso si ya ku France. Koma sitinathe kunena msanga kuti ndi ya ku England, pakuti muyeso wa Angerezi unatengedwa ndi maiko ambiri, monga Japan ndi South Africa yemwe. Panafunika mboni zina.

ZIBOO ZITATU PA KHOSI

Pa khosi la njinga, kutsogolo, ndi pamene wopanga amakhoma baji yace. Baji inacoka kalekale, koma titanyowetsa penti ndi kuipala pang'onopang'ono ndi kampeni kosathwa tinapeza tiziboo titatu ta misomali, ndi cithunzithunzi ca malo amene bajiyo inakhala. Mkuluyo anangoti, “Dikirani.” Analowa m'shedi naturutsa felemu ya Raleigh yakuda yakalekale, imene baji yace ya mutu wa mbalame ya khosi lalitali, yonga kakowa, inali ikalipo. Anaika pepala pa khosi la njinga ya atsibweni, naboola ndi singano pa tiziboo tija, nasamutsira pepalalo pa baji ya Raleigh. Ziboo zonse zitatu zinagwera pa misomali.

Ine ndinakhumudwa. Ndinati, “Ndiye kuti ndi Raleigh wamba, yonga ya a mesenjala akale?” Koma mkuluyo anapukusa mutu, nati pali cinthu cosagwirizana. Njinga za Raleigh zopangidwa ku fakitale yaikuru ya ku Nottingham zinali ndi muyeso waowao: mazinga 26 pa inchi, ndi kamgolo kotalikirapo, ka mamilimita 71 kapena 76. Ndiye cifukwa cace okonza njinga akale ankasunga makapu a Raleigh pa okha. Koma iyi inali ya mazinga 24 ndi mamilimita 68. Khosi likuti Raleigh, kamgolo kakuti si ya ku Nottingham. Mboni ziwiri zikatsutsana simutaya imodzi cifukwa yakusowetsani mtendere. Mumafuna yacitatu.

NAMBALA YA PANSI PA MIMBA

Tinagadamitsa felemu ndi kupala kunsi kwa kamgolo. Musapale malo amenewa ndi tupa kapena sandipepala wokhakhala, cifukwa manambala ena anadindidwa mosazama ndipo mungawafute. Ife tinafewetsa penti, tinapukuta, ndipo tinapakapo ufa woyera kuti ulowe m'maenje. Panaturuka malembo awiri ndi manambala 7. Lemba loyamba linali W, ndipo nambala yoyamba inali 6.

Usiku umenewo ndinawerenga mbiri yace, ndipo mfundo inamasuka. Ku Worksop, tauni ya m'cigawo comweco ca Nottingham, kunali kampani yaing'ono yochedwa Carlton, ya amisiri opanga njinga zopepuka za mpikisano. M'caka ca 1960 Raleigh inagula Carlton, ndipo njinga zace zabwino za mpikisano zinayamba kupangidwa kumeneko, zina ndi dzina la Carlton, zina ndi baji ya Raleigh. Amisiri a ku Worksop ankatema mazinga 24, osati 26. Kuyambira ca m'ma 1974 Raleigh inkadinda manambala motere: lemba loyamba likunena fakitale, N ndiye Nottingham, W ndiye Worksop, lemba laciwiri likunena nyengo ya m'caka, ndipo nambala yoyamba ndiyo yotsiriza ya caka. Tsono 6 angakhale 1976 kapena 1986. Koma fakitale ya ku Worksop inatsekedwa m'caka ca 1981, ndipo mpata wa mamilimita 120 pakati pa makutu a kumbuyo unaloza ku 1976.

Mboni zonse zinagwirizana tsopano: kupepuka, m'kamwa mwa 27.2, makutu abwino, kamgolo ka 68, mazinga 24, ziboo zitatu ndi lemba la W. Njinga ya atsibweni ndi Raleigh ya mpikisano yopangidwa ku Worksop, ku England, m'caka ca 1976.

Musaipeputse cifukwa ca dzinalo. Ife timadziwa Raleigh ngati njinga ya matumba, koma m'caka ca 1980 Joop Zoetemelk wa ku Holland anapambana mpikisano waukuru wa Tour de France atakwera njinga ya Raleigh. Zoona, njinga za timu imeneyo zinkapangidwa pa zokha ku Ilkeston, ndipo zogulitsa za kumeneko nambala yace imayamba ndi SB. Ya atsibweni si ya gulu limenelo. Ndi njinga yabwino ya mmisiri, koma zonga iyo zinapangidwa zambiri, ndipo felemu yopanda penti yace yoyamba, yopanda baji, yopanda magiya ndi mawilo, singagule ng'ombe.

KUBWERERA KU BWALO

Loweruka ndinaima pa bwalo ndi kabuku kanga, ndipo ndinanena zonse mwa ndondomeko. Acimwene anakwiya nati, “Iwe wagulidwa.” Mau amenewo anandilasa, koma ndinawapatsa lula m'manja ndi kuwapempha ayeze okha. Anayeza, nayezanso, monga ndinacitira ine, ndipo anakhala pansi osanena kanthu.

Cimene sindinaciyembekeze ndi funso la azakhali. Anandiitana pambali nati ndi mau otsika, “Mwanangu, kodi ndiye kuti atsibweni ako ankatinamiza zaka zonsezi?” Pamenepo ndinaona kuti iwo sanali kulira ng'ombe kapena sopo. Ndinatenga felemu ndi kuwaonetsa malembo a pa makutu aja. Ndinati, “Azakhali, taonani. Dzina iri ndi la ku Italy ndithu. Atsibweni analiwerenga ndi maso ao, monga inenso ndinaliwerenga ndi kukhulupirira. Sananame. Ndipo ponena kuti si ya masewera, ananena zoona zeni zeni.” Azakhali anasisita citsuloco ndi cala, nati atsibweni anasunga ndarama miyezi yambiri osagula ngakhale nsapato kuti aipeze, ndipo tsiku limene anafika nayo anawakweza pa paipi ya pamwamba kuzungulira mudzi wonse, anthu akuululuza.

Za mwini wace a mfumu sanacedwe nazo. Anakumbutsa anthu kuti lamulo la dziko lino la m'caka ca 2011 la cuma ca masiye limaika patsogolo mkazi ndi ana a womwalira, ndipo kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu. Mwambo wa mbumba tiulemekeza pa maliro ndi pa maukwati, koma sutipatsa mphamvu yocotsa kanthu m'nyumba ya azakhali. Ine ndinacita manyazi pokumbukira mwendo wa ng'ombe umene ndinauwerengera.

Azakhali anati njinga sigulitsidwa. Anati ikonzedwe, akwere mdzukulu wao wamkazi amene amayenda pansi ulendo wautali kupita ku sekondale.

Tisanagule kanthu mkulu uja anaipima ngati iri yamoyo, ndipo inunso muzicita cotero. Anapapasa ndi cala kunsi kwa mapaipi awiri, pafupi ndi khosi, kufuna kakhwinya kamene kamatsala njinga ikagunda cinthu. Anamanga cingwe kucokera pa khutu lina, kuzungulira khosi, kufika pa khutu linzace, nayeza ngati paipi ya cishalo iri pakati peni peni. Anagogoda mapaipi ndi kumvera ngati dzimbiri ladya mkati. Zonse zinali bwino. Penti ya atsibweni ija, ngakhale inabisa dzina, inasunga citsulo.

Mawilo tinapeza pa njinga ya kaunjika ya matayala a 700C, amene masiku ano amapezeka m'tauni. Pakati pa makutu a kumbuyo panali mamilimita 120, muyeso wa njinga za nthawi imeneyo, cotero mkuluyo anacepetsa habu kuti ilowe bwino popanda kukankha citsulo. Tinaika giya imodzi ndi handulo yoongoka. Cheni ndi mapedulo anagula ndi acimwene, osapemphedwa ndi munthu, ndipo anabwera nazo okha pa tsiku lomanga ciliza.

Mkuluyo anatipatsa malamulo awiri. Loyamba, felemu yotere isamangidwe kaliyala wa kabaza kapena kusenzetsedwa thumba la cimanga, pakuti inapangidwira munthu mmodzi ndi liwiro. Laciwiri, ikadzathyoka isapite kwa oocherera ndi magetsi, cifukwa mfundo zace zinalumikizidwa ndi mkuwa wosungunula, ndipo moto wa magetsi umaboola mapaipi opyapyala.

MAU OTSIRIZA

Tsono inu amene muli ndi felemu yakale kutsindwi, musanaipereke kwa wa sikelo kapena kuyamba kuwerengera ng'ombe, citani izi. Ikwezeni pa sikelo. Yezani m'kamwa mwa paipi ya cishalo. Yezani kamgolo ka pansi ndi kuona kumene kapu imamasukira. Funani ziboo za baji pa khosi. Werengani nambala, imene imakhala kunsi kwa kamgolo, pa khutu la kumbuyo, kapena pa paipi ya cishalo, ndipo muilembe m'buku, pakuti idzakuthandizaninso kwa apolisi njinga ikabedwa. Munthu akakugulitsani njinga imene nambala yace yafutidwa ndi tupa, isiyeni. Ndipo musagamule ndi mboni imodzi.

Poti ndine mlangizi, lolani nditsirizire ku munda. Mvula ikayandikira mumaona m'misika mbeu ya cimanga yopakidwa mankhwala obiriwira kapena ofiira, m'mapaketi a maina okoma. Ina ndi yeniyeni, koma ina ndi cimanga ca m'nkhokwe cimene anthu osaongoka acipaka utoto. Gulani kwa ogulitsa obvomerezeka, yang'anani cikalata ca pa paketi ndi nambala yace, ndipo sungani lisiti. Mukafika kunyumba werengani njere 100, muziike pa ciguduli conyowa, ndipo pakatha sabata muwerenge zimene zamera. Kumera kokha sikunena mtundu wa mbeu, monga sikelo yokha sinanene dziko la njinga, koma pamodzi ndi cikalata ndi lisiti mudzakhala ndi poimira.

Kamphepo akuyendanso. Ndikamapita ku minda m'mawa ndimakumana naye pa mseu, mtsikana atawerama, yunifolomu ikuuluka, ndipo nkhalamba za m'mbali mwa njira zimamuitana ndi dzina la agogo ace. Azakhali anandipempha kuti tikamadzaipakanso penti tisakwirire malembo a pa makutu, ndipo tinawasiya poyera.

Tsalani bwino, abale. Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhani ya manyowa.